Maski anu oyamba: gulani a phiri limene mumapitako

Munthu akasiya kutsika phiri mitu ya maski (matabwa aatali otsetserekera pa sinowo) itayang'anana ngati mmene timaphunzitsira oyamba kumene, n'kuyamba kukhota maski onse awiri ali molingana, mtima wofuna kukhala ndi maski akeake umamugwira. Njira zosavuta za chizindikiro cha buluu sizikumuvutanso, zofiira zovutirapo amatsika mosamala, koma pakakhala potsetsereka kwambiri kapena sinowo akauma gwa, maski amamuthawabe cham'mbali. Ameneyu ndiye timati ali pakati. Kwa ife okonza ndi kugulitsa zida zimenezi, ndi kasitomala amene ndalama zake timazimvera chisoni kwambiri, chifukwa kawirikawiri amafuna kugula maski a munthu amene akulota kudzakhala, oyenera mapiri amene amangowaona pa YouTube.

Ngati mulibe jombo zanuzanu, nkhani ya maski iyambe yadikira. Chilichonse chimene mwendo wanu ukufuna kuuza ski chimadutsa mu jombo, ndipo phazi likamayendayenda m'kati, ngakhale maski odula bwanji sangakumvereni. Saizi ya jombo za ski ndi kutalika kwa phazi m'masentimita, monga 26.5, ndiye musadalire nambala ya nsapato zanu za kutchalitchi. Mukaimirira mowongoka zala zizikhudza kutsogolo, mukapinda mawondo n'kutsamiritsa msongolo pa lilime la jombo zala zizibwerera pang'ono, chidendene osanyamuka. Ambiri amagula jombo zazikulu chifukwa m'sitolo zimamveka bwino, osadziwa kuti nsalu ya m'kati imaphwa ikavalidwa masiku angapo.

Tsopano maski. Pa ski iliyonse pamalembedwa manambala atatu, mwachitsanzo 125-80-110. Ndi mamilimita: kukula kwa kumutu, kwa pachiuno pomwe pamaponda phazi, ndi kwa kumchira. Ya pakatiyo ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa. Maski a chiuno cha 100 kupita m'tsogolo anapangidwira sinowo wakuya wongogwa kumene, monga wa ku Hokkaido m'dziko la Japan kapena ku Utah m'dziko la America, komwe ski yopapatiza imamira. Ndi okongola, ndipo m'masitolo amawaika patsogolo. Koma dzifunseni moona mtima kumene mumaseweradi. Amene muli ku Britain mwina ndi m'nyumba za sinowo ngati ya ku Hemel Hempstead kapena Milton Keynes, kapenanso ku Glenshee ndi Cairngorm ku Scotland komwe mphepo imaumitsa mtsetse. Amene muli ku South Africa mwina ndi ku Afriski m'mapiri a Lesotho pakati pa Juni ndi Ogasiti, komwe sinowo wambiri amachita kupanga ndi makina. Ngakhale ku mapiri a Alps ku Ulaya, mlendo wa sabata imodzi amathera nthawi yake pa njira zosalazidwa ndi magalimoto usiku. Pamalo olimba chonchi ski yotakata imachedwa kuchoka pa mpeni (chitsulo chakuthwa cha m'mphepete mwa ski) wa mbali ina kupita pa wa mbali inayo, imafuna muipendeketse kwambiri kuti ilume pansi, ndipo madzulo mawondo amadandaula. Chimene munthu wa pakati akuphunzira ndi kulumitsa mpeniwo, ndiye kumupatsa ski yotakata n'kumuchedwetsa pa chinthu chenichenicho chimene akufunika kuchidziwa. Ine ndimati chiuno cha pakati pa 75 ndi 88, ndipo wokonda kupatukira m'mbali mwa njira mwa apo ndi apo atha kufika cha m'ma 90.

Kusiyana kwa mutu, chiuno ndi mchira ndi kumene kumapatsa ski mphamvu yokhota yokha ikapendekeka. Kale maski anali pafupifupi owongoka ndiponso aatali kuposa mwini wake. Zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pomwe makampani ngati Elan ya ku Slovenia ndi Kneissl ya ku Austria anatulutsa maski opapatiza pachiuno. Lero pa ski pamalembedwa R ndi nambala ya mamita yosonyeza kukula kwa khona limene imakonda. Ochita mpikisano wa giant slalom, wotsika phiri mokhota pakati pa mizati yotalikirana, pa mlingo wa dziko lonse amakwera za mamita 30, zomwe zimafuna liwiro loopsa kuti zikhote. Inu za pakati pa 13 ndi 17 zikukwanirani.

Kutalika kwake, ski mukaiimika pansi ifike penapake pakati pa chibwano ndi pamphumi. Wopepuka thupi kapena wamantha pang'ono atenge ya cha kuchibwano, wolemera kapena wokonda liwiro akweze. Ski siona msinkhu wanu wokha, imamvanso kulemera kwanu. Amene amaona ngati ski yaifupi ndi yochititsa manyazi adziwe kuti amuna ambiri a mpikisano wa slalom, wa makhona afupiafupi, amathamanga pa maski a masentimita 165, omwe ndi malire otsika amene malamulo a FIS, bungwe loyang'anira mipikisano ya ski padziko lonse, amawalola. Ngati ski ili ndi rocker, kutanthauza kuti kumutu kwake kunayamba kupindikira m'mwamba patali, gawo logunda pansi limachepa, choncho mutha kuonjezera masentimita angapo.

Pa kulimba ndi pomwe ambiri amanyengedwa ndi mtengo. Maski odula kwambiri nthawi zambiri amakhala ndi timapepala tiwiri ta chitsulo cha Titanal pamwamba ndi pansi pa thabwa la m'kati. Pa liwiro lalikulu sanjenjemera, koma kuti apindike pokhota amafuna mphamvu ndi luso. Munthu amene akadali ndi chizolowezi chotsamira kumbuyo, maski oterewa amamunyamula n'kumuthamangitsa kopita sakukufuna, ndipo mantha akalowa kuphunzira kumaima. Ya thabwa m'kati, yolimba mwapakatikati, yopanda chitsulo kapena ya kapepala kamodzi, imakhululuka mukalakwitsa koma imagwirabe pansi.

Ma binding, zida zogwira jombo pa ski, musamange nokha ndiponso musakhudze sikuluu yake potengera nambala ya mnzanu. Nambala ya DIN imene imalamula mphamvu yomasulira jombo mukagwa imawerengedwa kuchokera ku kulemera kwanu, msinkhu, zaka, kutalika kwa pansi pa jombo ndi kaseweredwe kanu. Ikakwera kwambiri ski siichoka pamene iyenera kuchoka, ndipo fupa la msongolo ndi limene limalipira. Pano musanamize wokonza kuti ndinu katswiri, kapena kuchotsera makilogalamu anu. Tengani jombo zanu kusitolo, makamaka ngati pansi pake ndi pa mtundu wa GripWalk (pa labala, popindika kuti kuyenda kuphweke), chifukwa ma binding akale ambiri sanapangidwire jombo zotere.

Musanatulutse ndalama, yesani. Masitolo ambiri a kumapiri amabwereketsa maski atsopano ongoyesera, ndipo ena amachotsera ndalama ya lendiyo mukagula. Yesani mitundu iwiri kapena itatu tsiku limodzi pa mtsetse womwewo, kuti kusiyana kumene mukumva kukhale kwa ski osati kwa nyengo. Ku Ulaya ndi ku North America mitengo imatsika cha mu Malichi ndi Epulo, ndipo ski ya chaka chatha nthawi zambiri imangosiyana ndi yatsopano pa utoto. Komanso ndinene mosabisa, ngakhale kuti zikutichotsera malonda: ngati mumapita kuphiri sabata imodzi pachaka ndipo mumayenda pandege, ndalama yonyamulira maski ndi yowanolera ikhoza kufanana ndi ya lendi. Zikatero gulani jombo zokha, maski muzibwereka.

Ofuna maski a kaunjika, palibe cholakwika, bola muyang'ane bwino. Yendetsani chala m'mphepete: mpeni usakhale wosweka, wotuluka kapena wonoledwa mpaka kupyapyala. Onani kumutu ndi kumchira ngati zigawo zake zayamba kumatuka, chifukwa madzi akalowa m'thabwa ski yatha. Zokandika za pansi zimakonzeka mosavuta pokhapokha ngati zafika pafupi ndi mpeni. Gundanitsani maski awiriwo pansi ndi pansi muone ngati mpata wa pakati ukufanana mbali zonse, ndipo musanalipire funsani sitolo ngati ingavomere kuyeza ma binding akewo, popeza masitolo amakana kukhudza ma binding akale kwambiri.