Ndalama za madzi zizifika kwa osamala phiri la Mvai

Damu la Mpira ku Ntcheu litauma mu 2018, mipopi ya ku Balaka ndi midzi yambiri ya kumunsi inasiya kutulutsa madzi. Mvula inali yochepa, inde, koma kuwonongeka kwa nkhalango ya phiri la Mvai, komwe kumachokera madzi a damulo, kunakulitsa vutolo. Phiri likayera, madzi amvula salowa pansi. Amatsetsereka ndi dothi, dothilo limakwirira damu, ndipo pofika Okutobala akasupe amakhala ataphwa. Madzi amatope amadyanso mankhwala ambiri powayeretsa, ndipo masefa amatsekeka msanga.

N'chifukwa chake gawo la bilu ya madzi liyenera kubwerera kumtunda, kwa anthu amene angasiye makala ndi kulima m'mbali mwa mitsinje. Bungwe logulitsa madzi mumzinda wa Lilongwe, la Lilongwe Water Board, linathandizapo ndi ndalama pamene asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, gwero la madzi a mzindawo, imene mbali ina ili m'boma la Dedza. Msilikali amathamangitsa wootcha makala, koma samupatsa chodyetsa ana.

Malipiro abwino amayamba ndi pangano lolembedwa pakati pa ogulitsa madzi, mfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Malire a malo ayezedwe, mahekitala adziwike. Ntchito zitchulidwe: kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, kuika akalozera ndi kubzalapo vetiva m'minda yotsetsereka, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu pa chitsa chilichonse cha mombo kapena tsamba. Zitsa zimenezi zili kale ndi mizu yozama, ndiye zimapirira chilimwe kuposa mbande za ku nazale.

Cholakwika chachikulu ndi kulipira tsiku lobzala. Mbande za mu Januwale zimatha ndi mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa, ndalama zitadyedwa kale. Kuwerenga kuzichitika kumapeto kwa chilimwe, ndipo ilipiridwe mitengo yamoyo yokha. Bulugamu asayandikire kasupe, amamwa madzi ambiri.

Ndalama zisadzere m'manja mwa munthu mmodzi. Gawo lina lipite pa foni ya banja lililonse lomwe lagwira ntchito, lina ku thumba la mudzi, ndipo ziwerengedwe pamsonkhano. Midzi yoyandikana ilowemo yonse, apo ayi nkhwangwa zimangosamukira ku phiri lotsatira. Panganolo likhalenso la zaka zambiri, chifukwa pulojekiti ya zaka ziwiri imatha mphukira zisanapitirire msinkhu wofikira mbuzi ndi moto.