Chifukwa chake wophunzira za maganizo a munthu sangathawe masamu

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, amayi ena ochokera ku Dedza, amene akhala kuno ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito ya m'nyumba, anandiimika pakhomo. Anati, "Aphunzitsi, mwana wanga uja anasankha kuphunzira za maganizo a munthu kuti azithandiza ovutika mumtima. Nanga bwanji usiku uliwonse akungolimbana ndi manambala pakompyuta? Kapena analowa kalasi yolakwika?" Ndinawatsimikizira kuti mwanayo sanasochere, ndipo kuti phunziro limene likumusowetsa tulolo, lotchedwa statistics (masamu osanthulira manambala a kafukufuku), ndi lomwelo limene ine ndimaphunzitsa ophunzira a psychology, ndiye kuti za maganizo a munthu, payunivesite ina muno mu Johannesburg. Koma funso lawolo limafuna yankho lalitali kuposa limene ndinatha kupereka titaimirira panja.

Ambiri mwa ophunzira anga amabwera ali ndi maganizo ofanana ndi a amayiwo. Ena anasankha psychology poganiza kuti atsanzikana ndi masamu, ndipo akaona dzina la phunziroli pandandanda wa makalasi nkhope zimagwa. Ndi zoona kuti muno mu South Africa munthu sangalembetsedwe ndi bungwe loyang'anira akatswiri a zaumoyo la HPCSA ngati katswiri wa maganizo asanadutse digiri ya honours ndi ya masters, ndipo madigiri onsewa amafuna kafukufuku. Komabe chifukwa chenicheni chophunzirira statistics si chiphaso ayi. Chifukwa chake ndi chakuti munthu wamtima wabwino, wofunitsitsa kuthandiza, sachedwa kukhulupirira kuti thandizo lake likugwira ntchito ngakhale pamene silikugwira.

Taganizirani nthawi imene munthu wovutika maganizo amapita kukafuna thandizo. Sapita tsiku limene akupezako bwino. Amapita pamene zafika pothina, atatha masiku osagona ndi osadya. Tsono mavuto a mumtima amakwera ndi kutsika monga madzi a mumtsinje, ndipo munthu amene tamupeza pa tsiku loipitsitsa kawirikawiri amakhala atapezako bwino pakatha milungu ingapo, kaya wina anamuthandiza kapena ayi. Mlangizi amene anacheza naye amaona kusinthako ndipo amati ndi uphungu wake. Sing'anga amati ndi mankhwala ake. Onsewa sakunama, aonadi ndi maso awo, koma maso sangalekanitse zimene thandizo lachita ndi zimene nthawi ikanachita yokha. Wasayansi wa ku England, Francis Galton, anafotokoza khalidwe limeneli la manambala mu 1886, poona kuti ana a makolo aatali kwambiri amakhala aatali ndithu koma, pa avereji, safika pa msinkhu wa makolo awo. Chilichonse chimene chayezedwa chili kumapeto kwenikweni chimakonda kubwerera chapakati chikayezedwanso.

Njira yodzitetezera ku chinyengo chimenechi ndiyo kukhala ndi magulu awiri ofanana, lina lolandira thandizo latsopanolo ndi lina lolandira chisamaliro cha nthawi zonse, ndipo amene alowe gulu ili kapena ilo asankhidwe mwa mayere, osati mwa kufuna kwa wofufuza. Chitsanzo chimene ndimakonda kupereka n'chapafupi ndi kwathu. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa amayi achikulire a m'madera kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ntchito imene imadziwika kuti Friendship Bench. Sanangonena kuti anthu akuyamikira. Iye ndi anzake anagawa zipatala 24 mwa mayere m'magulu awiri, natsatira anthu 573, ndipo zotsatira zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse a m'gulu la pabenchi ndi amene anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene m'gulu linalo anali pafupifupi 50 pa 100. Nambala yachiwiriyi ndiyo imene imapereka tanthauzo ku yoyambayo, pakuti popanda iyo sitikanadziwa kuti mbali ya agogo aja pa kuchirako ndi yaikulu motani.

Magulu awiri akasiyana, pamabwera funso lina: kodi kusiyanaku sikungakhale kwamwayi chabe? Apa ndimafotokoza nkhani ya tiyi imene katswiri wa statistics Ronald Fisher analemba m'buku lake la mu 1935. Mayi wina ankanena kuti amatha kuzindikira ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Fisher anati apatsidwe makapu asanu ndi atatu osakanizidwa, anayi oyamba mkaka ndi anayi oyamba tiyi, kuti awalekanitse. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi mwa asanu ndi atatu, ndipo imodzi yokha ndiyo yolondola, choncho munthu wongoyerekeza angalondole onse kamodzi pa maulendo 70. Nambala yotereyi ndi imene imatchedwa p. Imatiuza kuti zotsatira zonga zimene tapezazi zikanaoneka kangati chikhala kuti palibe chenicheni chimene chikuchitika. Mwa chizolowezi, p ikachepera 0.05, ndiye kuti kamodzi pa maulendo 20, ofufuza amati apeza kanthu.

Pamenepa m'pamene ndimakhalitsa, chifukwa m'pamene ambiri amaterereka, ngakhale akuluakulu a maphunziro. Nambala ya p sinena kuti ganizo la wofufuza ndi loona, ndiponso sinena kuti kusiyanako n'kwakukulu moti kungasinthe moyo wa wodwala. Komanso munthu akafunsa mafunso 20 osiyanasiyana pa manambala amodzimodzi, ayembekezere kuti limodzi lidutsa mpanda wa 0.05 mwamwayi chabe, ndipo akalengeza limodzi lokhalo n'kubisa ena 19 aja, wasocheretsa owerenga ngakhale sananame pa nambala iliyonse. Zimenezi zinavulaza psychology kwambiri. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Brian Nosek linabwereza kafukufuku 100 wosindikizidwa kale m'magazini otchuka. Mwa amenewa, 97 anali atalengeza kuti apeza kanthu, koma pobwereza ndi pafupifupi 36 pa 100 okha amene anadutsanso mpanda uja. Ophunzira anga akamva zimenezi ena amakhumudwa ndi maphunziro awo. Ine ndimawauza kuti amene anavumbula vutoli ndi akatswiri a psychology eniake, ndipo chida chimene anagwiritsa ntchito ndi chomwechi chimene iwo akuphunzira.

Nkhani ya avereji ndimaidutsa msanga chifukwa aliyense amaimva akangoona ndalama. Tiyerekeze amuna khumi a kwathu okhala nyumba imodzi ku Hillbrow: asanu ndi anayi amalandira R4,000 pamwezi, ndipo mmodzi, amene ali ndi bizinesi ya malole, amapeza R64,000. Avereji ndi R10,000, ndalama imene palibe ndi mmodzi yemwe m'nyumbamo amene amalandira. Tikawandandalika kuyambira wochepa kufika wochuluka n'kuyang'ana pakati, tipeza R4,000, ndipo nambala imeneyi ndiyo ikufotokoza bwino moyo wa m'nyumbamo. N'chifukwa chake sindilola wophunzira kuwerengera chilichonse asanajambule manambala ake pachithunzi ndi kuwayang'anitsitsa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ine monga Mmalawi ndi funso lakuti anawerengedwa ndani. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake awiri anakumbutsa dziko kuti anthu 96 pa 100 alionse amene anafufuzidwa m'magazini akuluakulu a psychology anali ochokera m'maiko olemera a azungu, maiko amene ali ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi. Zimene zapezeka pa ophunzira a ku America sizingangotengedwa ngati zoona pa mnyamata wa ku Mangochi amene akusoka zovala ku Fordsburg. Ngakhale kuwerenga anthu kwenikweniko n'kovuta: kalembera wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 62 miliyoni mu South Africa, koma bungwe lochititsa kalemberayo, la Stats SA, linanena lokha kuti pafupifupi 31 pa 100 sanafikiridwe poyamba ndipo chiwerengerocho chinachita kukonzedwa ndi masamu. Tonse tikudziwa kuti mbale wathu amene mapepala ake sali bwino satsegula chitseko kwa mlendo wonyamula fomu. Palinso chilankhulo. Munthu wa kwathu sanena dzina la matenda, amati "ndikuganiza kwambiri" kapena "mtima sukukhazikika", monga Mshona amanenera kuti kufungisisa. Mafunso olembedwa ku London akangomasuliridwa liwu ndi liwu, manambala amatuluka ndithu, kompyuta n'kuwawerengera bwinobwino, koma chimene chayezedwacho chingakhale china.

Ntchito yowerengera yokhayo masiku ano si yolemetsa. Mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya SPSS, imene ndi yolipira, koma pali R, jamovi ndi JASP zimene wophunzira angatsitse pa intaneti kwaulere, ndipo ndimalimbikitsa zimenezi kuti akamaliza maphunziro asakhale wopanda chida. Komabe milungu yoyamba timawerengera pamanja ndi manambala ochepa, kuti wophunzira aone kumene yankho likuchokera asanayambe kudina mabatani.

Ntchito yoyamba imene ndimapereka ndi yofunsa anzawo 30 maola amene amagona usiku, n'kuyerekeza okhala m'nyumba zogona za pasukulu ndi amene amadzuka m'bandakucha kukwera taxi kuchokera ku Soweto kapena ku Tembisa. Akabweretsa maavereji awo awiri, sindiyamba ndafunsa za p. Ndimafunsa kuti anthu 30 aja anawapeza kuti ndiponso nthawi yanji, pakuti amene anafunsa anzake madzulo mulaibulale sanakumane ndi aja amene anali atathamangira kale kukaima pamzere wa taxi ku Bree.