Mwana akamaluma anzake kumkombaphala

Pa madandaulo amene alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi m'manasale amabwera nawo kumaphunziro athu, la mwana woluma anzake ndilo limawasowetsa mtendere kwambiri. Kukankhana ndi kulandana zidole anakuzolowera. Kuluma kumasiya mano osindikizika pamkono kapena patsaya, ndipo masana mayi a mwana wolumidwayo akabwera kudzamutenga, mlandu wonse umagwera mlezi.

Kuluma n'kofala mwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 3, ndipo ambiri amasiya akamafika zaka 3 kapena 4. Sikusonyeza kuti mwanayo ndi woipa mtima kapena kuti kwawo sakumulera bwino. Mano oyamba a mwana alipo 20, ndipo amamera kuyambira ali ndi miyezi pafupifupi 6 mpaka cha m'ma zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Akumbuyo otafunira aja akamatuluka nkhama zimanyerenyetsa, mwana amangofuna chotafuna. Koma chifukwa chachikulu ndi kusowa mawu. Wa zaka 2 amadziwa mawu mwina 50 kapena kuposerapo, ndipo wangoyamba kumene kulumikiza awiri. Kukwiya amakwiya ngati wamkulu, koma zoti "ndinayamba kuseweretsa ndine, dikira kaye" pakamwa pake sizituluka. Mnzake akagwira galimoto yake yamawaya n'kuyamba kukoka, manja onse awiri ali pagalimotopo, chotsala ndi mano. Ena amaluma chifukwa cha njala kapena tulo. Ena chimwemwe chimawachulukira: amakumbatira mnzake, kenako n'kumuluma paphewa. Enanso amayamba kunyumba kukasintha zinthu, monga akangowasiyitsa bere kapena kukabadwa khanda.

Zikachitika, mlezi awalekanitse, agwade kuti nkhope yake ifanane msinkhu ndi ya wolumayo, n'kunena mosakuwa koma motsimikiza: "Ayi, osaluma. Kuluma kumapweteka." Basi. Ulaliki wautali mwana wa zaka 2 saumva, ndipo kumufunsa kuti "wamulumiranji mnzako?" n'kutaya nthawi. Kenako mlezi atembenukire kwa wolumidwayo, amunyamule, amutonthoze. Ngati aliyense athamangira kwa wolumayo, kaya n'kumukalipira, iye amaphunzira kuti mano amaitana akuluakulu msanga.

Pali malangizo amene amamveka kawirikawiri: "Mulumeni nayenso amve kuwawa, asiya." Ena amati amumenye pakamwa, ena amati amupake tsabola. Ine ndimakana zonsezi. Mwana wa msinkhu uwu sanafike potha kuganiza kuti ululu umene akumva iye ndi womwewo anamva mnzake. Chimene amaona n'chakuti munthu wamkulu akakwiya amaluma, ndiye kuti kuluma n'kololedwa bola ukhale wamphamvu. Tsabola ndiye nkhanza yeniyeni. Amawotcha m'kamwa, ndipo mwanayo akapukuta ndi dzanja amamufikitsa m'maso. Nawonso a kunyumba amene amaseka khanda likawaluma chala, n'kulipatsanso kuti libwereze, adziwe kuti masewerawo amakathera pamkono wa mwana wa eni.

Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera. Ngati khungu silinabooke, kansalu konyowa ndi madzi ozizira n'kokwanira. Ngati labooka, makamaka padzanja kapena kumaso, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa m'kamwa mwa munthu muli tizilombo tambiri toyambitsa mafinya. Makolo atenge kabuku ka kusikelo kuti achipatala aone ngati analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14, amene amateteza ku kafumbata ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B, mwa ena. Mantha a makolo ambiri amakhala pa HIV. Kachilomboka sikafala kudzera m'malovu, ndipo mpata woti kafale mwa kulumana kwa ana ndi wochepa zedi; ngati patuluka magazi, achipatala ndiwo aunike.

Ntchito yaikulu ili poletsa kuluma kusanachitike. Ndimapempha alezi kuti azilemba m'kope nthawi, malo, ndi zimene zimachitika mwanayo asanalume. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chithunzi chimaoneka chokha. Kawirikawiri mupeza kuti ndi nthawi ija phala lachedwa kupsa, ana afola pamzere ndi makapu awo, akupanikizana pakhomo, wina waponda mnzake. Mankhwala ake ndi kuwakhazika pamphasa motalikirana n'kuwabweretsera phalalo pomwepo, aang'ono kuyambirira. Mukapeza kuti nkhondo imabuka pa mpira umodzi womwe ulipo, kulungani ina itatu ya majumbo. Pa nthawi zovutazo mlezi akhale pafupi ndi wolumayo moti n'kumufikira ndi dzanja. Akaona nkhope yakwinyika, mutu ukuweramira kumkono wa mnzake, alowetse dzanja pakati n'kumupatsa mawu: "Nena kuti changa! Nena kuti ndisiye!" Akanena, muyamikireni pomwepo. Wa nkhama zonyerenyetsa mupatseni kansalu koyera konyowa kapena chidole chotafuna.

Ndikudziwa kuti alezi ambiri a m'midzi amagwira ntchitoyi mongodzipereka, mmodzi ali ndi chigulu cha ana. Komabe kupatula a zaka 2 kwa a zaka 4 ndi 5, ngakhale pansi pa mtengo wina pabwalo lomwelo, kumachepetsa mikangano kwambiri.

Makolo a mbali zonse auzidwe tsiku lomwelo, aliyense payekha, asakadzionere okha posambitsa mwana madzulo. Kwa a wolumidwa nenani zimene zachitika ndi zimene mwachita, osatchula dzina la wolumayo, ngakhale mwana wawo akakaulula yekha kunyumba. Makolo a wolumayo afunseni ngati mwanayo akugona ndi kudya bwino, ndipo mugwirizane mawu amodzi oti azimva konsekonse. Maina ngati "kagalu" asamveke pasukulupo, ndipo kumuthamangitsa sikumuphunzitsa kanthu.

Ngati mwana wapitirira zaka 3 akulumabe pafupipafupi, akudziluma yekha mpaka kudzivulaza, mawu sakubwera, kapena satembenuka akaitanidwa dzina, makolo akaonane ndi alangizi a zaumoyo kapena achipatala kuti amuyeze makutu ndi kakulidwe kake.