Mawu akuti "variant": si matenda atsopano, ndi kachilombo komweko

Amayi ndi abambo a kuno ku Nkhotakota, chibwerere Covid-19 mwakhala mukumva mawu achingerezi akuti "variant" pa wailesi, ndipo ambiri mukawamva mitima imalumpha poganiza kuti kwagwanso mliri wina. Sichoncho ayi. Mawuwa amanena za chinthu chimodzi chomwe chili ndi mitundu yosiyanako pang'ono. Inu alimi a mpunga mukudziwa kale: kilombero ndi faya zonse ndi mpunga, koma fungo ndi njere zake sizifanana. Azungu amawagwiritsanso ntchito pa kalembedwe, ngati momwe mapu akale analembera Kota Kota pomwe ife timalemba Nkhotakota.

Kachilombo kakalowa m'thupi kamaswana kambirimbiri, ndipo poswanapo nthawi zina kamaphonya, monga mwana wa sitandade 2 akamakopera zapabolodi n'kudumpha chilembo. Kuphonya kwambiri sikusintha kanthu. Koma kwina kumapatsa kachilomboko mphamvu yofala msanga kapena yozemba chitetezo cha m'thupi, ndipo apo m'pamene madokotala amati kwabwera variant.

Tinaziona ndi maso. Mtundu wa Beta unapezeka ku South Africa kumapeto kwa 2020, ndipo Januwale 2021 simunamuiwale: maliro motsatizana, mpaka nduna ziwiri za boma kumwalira tsiku limodzi. Kenako kunabwera Delta, yemwe anayamba kupezeka ku India. Omicron analengezedwa mu Novembala 2021 atapezeka ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo uyu ndiye anali wothamanga kuposa onse. Mayinawa ndi zilembo za Chigiriki. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawasankha dala kuti dziko lomwe lapeza kachilombo lisamalozedwe chala.

Chomwe chimatidandaulitsa ife azaumoyo ndi mawu oti "ndinabaya kale katemera, nanga kachilombo kakasintha phindu lake n'chiyani?" Phindu lilipo. Munthu wobayitsa akhoza kutengabe kachilomboko, inde, koma kawirikawiri sadwala mpaka kufika pobanika ndi kugonekedwa pa okosijeni.

Njira zodzitetezera sizinasinthe. Sambani m'manja ndi sopo, tsegulani mawindo m'tchalitchi, mu mzikiti ndi mu minibasi ya ku Dwangwa, ndipo mukakhala ndi chifuwa valani masiki pagulu. Covid-19 sanathe ngakhale WHO inachotsa chilengezo cha ngozi yapadziko lonse mu Meyi 2023.

Samalani makamaka agogo, odwala shuga, a BP ndi amayi oyembekezera. Mukaona agogo akupuma mwaphuma, akulephera kumaliza mawu osapumira kaye, kapena akudandaula kuti pachifuwa pakuwawa, musadikire kuti kuche. Pezani njinga kapena galimoto muthamange nawo kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Za katemera, funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu kapena pa tsiku la sikelo.