Musamangoti bola mawu alipo

Alembi ambiri akandibweretsera zolemba zawo amati, "Ingoikani m'buku, chofunika ndi nkhani." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ntchito yanga ndi yoyala masamba a mabuku, ndipo ndikuuzeni mosapita m'mbali kuti wowerenga amakumana ndi nkhani yanu pa tsamba basi. Zilembo zikachepa, mizere n'kuthithikana, maso amatopa, munthu n'kutseka buku akuti wolembayu ndi wotopetsa. Mzere ukapitirira zilembo 75, diso pobwerera kumanzere limasochera n'kuyambanso mzere womwe lawerenga kale. Wowerengayo sadziwa chamuvuta, amangoona kuti nkhani sikuyenda.

Nkhani yomwe imandipwetekabe mtima ndi ya Emily Dickinson, mlakatuli wa ku America amene anamwalira mu 1886. Mayiyu ankadula mawu ake ndi timizere topingasa (—), ndipo pa timizere timeneti ndi pomwe wowerenga amapumira, kukayika kaye, kenaka n'kupitiriza. Ndakatulo zake zitasindikizidwa mu 1890, akonzi ake, Mabel Loomis Todd ndi Thomas Wentworth Higginson, anachotsa timizere tambiri, anaika mitu pa ndakatulo zomwe mwini wake sanazipatse mitu, mawu enanso n'kuwasintha kuti amveke monga anthu anazolowera. Iwo ankati akumuthandiza. Zinatenga mpaka 1955 kuti Thomas H. Johnson atulutse ndakatulozo motsatira zolemba pamanja za mwini wake. Zaka 65 anthu akuwerenga mlakatuli wofatsa, wosalala, pamene mwini ndakatulozo anali wamawu oduladula, obaya. Ndipotu Todd ndi Higginson anali anthu ophunzira, okonda ntchito yake!

Nanga amene sakonda n'komwe mabuku angachite zotani? Masiku ano aliyense wokhala ndi kompyuta akudzitcha wosindikiza. Amatenga fayilo yanu ya Word, kuisandutsa PDF, kwatha. Ndaonapo ndakatulo zitalumikizidwa mizere kuti mapepala asachuluke, ndime ziwiri zitasanduka imodzi. Ndaonapo mabuku omwe mpata wa kumsana kwake ndi wochepa moti mawu amalowa m'guluu, ndipo kuti uwerenge umayenera kulithyola bukulo. Zoterezi zikasindikizidwa sizikonzekanso, ngakhale mutalira bwanji. Pa foni namonso mulipo vuto: mzere wautali wa ndakatulo umaduka pomwe sikirini yathera, wowerenga n'kumayesa kuti ndi mlakatuli wadula pamenepo.

Choipitsitsa n'chakuti ambiri amatipeza tsiku lokhazikitsa buku litalengezedwa kale. Pamenepo nthawi yoyesa zilembo zina, yosankha kukula kwa tsamba, palibe. Kambani ndi wokonza masamba zolemba zikangotha kukonzedwa. Mufunseni akuonetseni mabuku omwe anayalapo, muwatsegule pakati, muwerenge masamba angapo. Musalole kuti makina ayambe kusindikiza musanagwire m'manja tsamba lililonse loyeserera, la papepala, lofanana kukula ndi bukulo. Wosindikiza akakana kukupatsani masamba amenewa ponena kuti achedwetsa ntchito, tengani zolemba zanu mupite kwina.