Ntchito ya kompyuta imene chida chake ndi choko

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa za kompyuta ku yunivesite, amaganiza za mawaya ndi malaputopu owonongeka. Koma m'nthambi yathu ya theoretical computer science timagwira kwambiri choko ndi bolodi. Timafunsa kuti: ndi mavuto ati amene makina angathe kuthetsa, ndipo angatenge nthawi yaitali bwanji? Katswiri wa masamu Alan Turing analemba za funso loyambalo mu 1936, makompyuta a masiku ano kulibe, ndipo anasonyeza kuti pali mafunso ena amene palibe makina angawayankhe.

Njira yolowera ntchito imeneyi ndi yaitali: digiri yoyamba, kenako PhD ya zaka zinayi kapena kuposerapo, ndipo ambiri amagwirabe ntchito ya kontrakiti asanapeze malo okhazikika. Dzina limamveka zolemba zako zikalandiridwa ku misonkhano ikuluikulu ya akatswiri a nthambiyi ngati STOC ndi FOCS. Miyezi imatha uli pa umboni umodzi wa masamu, kenako n'kupeza kuti mzere wina pakatipo ndi wolakwika. Zimawawa ndithu.

Anzanga ena amadandaula kuti kuphunzitsa kumawadyera nthawi ya kafukufuku. Ine sindivomereza, ndipo chifukwa changa chili ku India. Mu 2002, Manindra Agrawal wa ku sukulu ya ukachenjede ya IIT Kanpur analengeza njira yodziwira ngati nambala ili prime, kutanthauza yosagawika ndi ina kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 7 kapena 13. Njira zachangu zinalipo kale, koma zina zinkadalira mwayi, zina zinkatsamira pa mfundo zosatsimikizika. Yake inali yosalakwitsa, ndipo nthawi yake sinkakwera mopitirira muyeso nambala ikamatalika. Anagwira ndi ndani? Neeraj Kayal ndi Nitin Saxena, ophunzira ake amene anali atangomaliza kumene digiri yoyamba. Atatuwa analandira Gödel Prize, mphoto yaikulu ya m'nthambi yathu, mu 2006.

N'chifukwa chake ndikafika pa funso la P ndi NP m'kalasi, ndimachedwapo dala. Stephen Cook analikhazikitsa mu 1971: kodi vuto limene yankho lake n'losavuta kulitsimikizira, n'losavutanso kulipeza? Bungwe la masamu la Clay Mathematics Institute linaikapo mphoto ya madola 1 miliyoni mu 2000, ndipo mpaka lero palibe waitenga. Ndimalilemba pa bolodi lonse lathunthu, ndipo tsiku limenelo sindifufuta.