Lamulo la kujomba kusukulu ku Hungary ndi ana a mtundu wa Aroma: mafunso ndi mayankho

Ku Hungary, dziko la ku Ulaya, achinyamata oposa theka a mtundu wa Aroma, anthu amene makolo awo akale anachokera ku India, amasiyira sukulu panjira asanamalize sekondale. Vutoli lakula kwambiri m'madera osauka a kumpoto ndi kum'mawa, monga Borsod-Abaúj-Zemplén, Nógrád ndi Szabolcs-Szatmár-Bereg. Ambiri amangoti ndi chikhalidwe chawo, koma ukawerenga malamulo a sukulu m'dzikomo, umaona njira imene mwana amadzera mpaka kukatulukira kunja.

Kodi lamulo limati mwana akhale pasukulu mpaka liti?

Mpaka zaka 16. Kale zinali zaka 18, koma lamulo la maphunziro la mu 2011 linatsitsa malirewo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2012. Koma kwa ana aang'ono boma linakhwimitsa lamulo: kuyambira 2015, mwana aliyense wa zaka 3 ayenera kupita kusukulu ya mkaka.

Pulayimale ndi ya zaka 8, mwana amayamba ali ndi zaka 6 kapena 7. Amene sanabwerezepo amamaliza ali ndi zaka 14 kapena 15. Amene anayamba mochedwa n'kubwereza kamodzi kapena kawiri amakwanitsa zaka 16 akadali kupulayimale, ndipo palibenso lamulo lomukakamiza kulowa sekondale.

Nanga kujomba amakuwerengera bwanji?

Sawerenga masiku, amawerenga mapiriyodi. Piriyodi imodzi ndi mphindi 45, ndipo iliyonse imene mwana waphonya imalembedwa ngati yokhala ndi chilolezo kapena yopanda chilolezo. Makolo amaloledwa kumupepesera mwana masiku ochepa okha pachaka. Masiku ena onse amafuna kalata ya dokotala kapena ya ofesi yovomerezeka.

Kuchedwa nakonso kumawerengedwa. Mphindi zonse zimene mwana wachedwa amaziphatikiza, zikakwana 45 zimasanduka piriyodi yathunthu yojomba. Mwana wochedwa mphindi 10 m'mawa uliwonse amakhala ataluza piriyodi imodzi sabata isanathe, ngakhale sanajombe tsiku n'limodzi lomwe.

Zilango zimabwera motsatizana. Mapiriyodi opanda chilolezo akakwana 10, sukulu imadziwitsa aofesi yoona za ana ndipo makolo amachenjezedwa. Akakwana 30, nkhani imasanduka mlandu waung'ono womwe ungathere pa chindapusa. Akakwana 50 m'chaka chimodzi cha sukulu, boma limaimitsa ndalama ya mwezi ndi mwezi imene banja limalandirira mwanayo.

Ndalamayo ndi yochuluka bwanji?

Banja la makolo awiri lokhala ndi mwana mmodzi limalandira ma forint (ndalama ya ku Hungary) 12,200 pamwezi. Ana akakhala atatu kapena kuposerapo, aliyense amalandirira 16,000. Ndalamazi sizinakwezedwe chiyambire 2008, kotero mphamvu yake inatha kalekale. Komabe pakhomo pomwe palibe wolembedwa ntchito yokhazikika, imeneyi ndi ndalama yokhayo yodziwika tsiku lobwera. Ikaima, yoyamba kusowa ndi nsapato ndi nkhuni za m'nyengo yachisanu, zomwenso ndi zina mwa zifukwa zimene mwana amajombera.

Ngati mwana ali ndi kalata ya dokotala, vuto likhala pati?

Pali malire ena omwe makolo ambiri amawadziwa mochedwa. Mwana akaphonya mapiriyodi oposa 250 pachaka, kaya ndi chilolezo kaya ayi, sapatsidwa magiredi a kumapeto kwa chaka pokhapokha aphunzitsi atamulola kulemba mayeso apadera. Akapanda kumulola, kapena akalephera, abwereza kalasi. Mwana wogona m'nyumba yachinyezi yopanda madzi a m'mpopi amadwaladwala, ndipo masabata asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi a matenda ndi okwanira kufika pa 250. Kutenga kalatayo nakonso ndi ntchito: midzi yambiri ing'onoing'ono ilibe dokotala wokhazikika, ndiye mayi ayenera kupeza ndalama ya basi kuti mwana wa chimfine akalemberedwe kapepala.

Kodi si vuto la chiyankhulo?

Ku Hungary ayi, kwenikweni. Aroma ambiri kumeneko amayankhula Chihangare kuyambira ali makanda. Olankhula Chiromani kapena Chibeás ndi ochepa.

Nanga tsankho likulowa pati?

Likulowa pa mtundu wa sukulu imene mwana akukakamizidwa kupitako. Makolo ali ndi ufulu wosankha sukulu, ndiye ana a Aroma akachuluka pasukulu ya m'mudzi, mabanja opezako bwino amasamutsira awo kutauni kapena kusukulu za mipingo. Yotsalayo imasowa aphunzitsi oyenerera, masamu n'kumaphunzitsidwa ndi aliyense amene alipo.

Pena tsankho limachitikira m'sukulu imodzi yomweyo. Ku Gyöngyöspata, m'chigawo cha Heves, ana a Aroma ankaphunzira m'makalasi awoawo a pansi, anzawo ali m'mwamba, ndipo sankatengedwa kokaphunzira kusambira. Mu 2020 khoti lalikulu la Kúria linavomereza chipukuta misozi cha ma forint pafupifupi 100 miliyoni kwa ana 60. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inasintha lamulo kuti pamilandu yotere chipepeso chizikhala maphunziro osati ndalama. Mu 2013, pamlandu wa Horváth ndi Kiss, anyamata awiri a mtundu wa Aroma, khoti la ufulu wa anthu la mayiko a ku Ulaya la ku Strasbourg linapeza kuti ana a Aroma ankayesedwa molakwika n'kuikidwa m'masukulu a ana ovutika kuphunzira, kumene njira ya kusekondale yabwino imatsekeka. European Commission, nthambi yoyendetsa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya (EU), inatsegulira Hungary mlandu pa nkhani ya tsankholi mu 2016.

N'chifukwa chiyani ambiri amagwera m'chaka choyamba cha sekondale?

Sekondale ili kutauni, basi ndi ya m'bandakucha, ndipo mwana wochokera kusukulu yosowa aphunzitsi amafika ali wotsalira kwambiri pa kuwerenga ndi masamu. Ambiri amaponyedwa kusukulu za ntchito zamanja za zaka zitatu, kawirikawiri pa ntchito imene sanasankhe okha koma imene inali ndi malo. Akalephera chaka choyamba, zaka 16 zakwana. Panthawi yomwe malire ankatsitsidwa, boma linkakulitsanso ntchito za m'dera zolipidwa ndi boma, zonga mthandizi, ndipo malipiro ake, ngakhale ochepa, ankaposa kutalitali ndalama ya mwana wa sukulu. Pambuyo pake boma linachepetsa mwayi woti osakwana zaka 25 azilowa ntchitozi. Atsikana ena amasiya chifukwa cholera abale awo aang'ono kapena kutenga pathupi.

Pali chimene chikuthandiza?

Pali malo ophunzirira masana otchedwa tanoda, omwe nthawi zambiri amayendetsedwa ndi mabungwe ndi mipingo. Mwana amapezako tebulo, kompyuta ndi munthu womuthandiza homuweki. Palinso thandizo la Útravaló, lomwe linayamba mu 2005, lopereka ndalama pang'ono kwa wophunzira ndi kwa mphunzitsi womuyang'anira. Zimenezi zimagwira ntchito, koma tanoda imodzi imatenga ana makumi ochepa, ndipo midzi yambiri ilibe.

Kholo lingachite bwino kufunsa chiwerengero cha mapiriyodi a mwana mwezi uliwonse, kupereka kalata ya dokotala m'masiku amene sukulu inaika, chifukwa yochedwa ikhoza kukanidwa, ndiponso kupempha mayeso apadera aja molemba kalata mwana akangoyandikira 250.